Lumo la agogo lingathwenso, koma lisazungulire mudzi

Magetsi akazima pa Thuchila, mashini ometera nawonso amagona. Ometa amene alibe sola kapena jenereta amangokhala pakhonde, makasitomala n'kumabwerera ndi ndevu zawo. Tinaziona mu 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Mu Novembala 2023 kwacha inagwanso ndi 44 peresenti, ndipo katundu wochokera kunja, malezala omwe, anakwera mtengo.

Nanga makolo athu, opanda magetsi, ankameta ndi chiyani? Ndi lumo. Linalipo losulidwa kumudzi konkuno, lometera mpala komanso logwira ntchito pamwambo wa kumeta maliro akatha. Linaliponso lina lopinda ngati mpeni, lochokera ku Ulaya. Limeneli ndi lomwe achinyamata akumayiko akunja akulifukula lero, ndipo mukafufuza pa YouTube mupeza mavidiyo ambirimbiri a anthu akulikonza.

Malumo opindawa anatchuka kuchokera m'mizinda ya osula zitsulo: Sheffield ku England, Solingen ku Germany ndi Thiers ku France. Msika wake unayamba kulowa pansi King Camp Gillette wa ku America atalandira umwini wa luso la lezala yogwiritsa ntchito n'kutaya mu 1904. Bizinesi yake inali yochenjera: lumo umagula kamodzi, koma lezala umagula moyo wako wonse. Mpaka lero tikulipirabe.

Langa ndinalipeza m'sutikesi ya malemu agogo anga aamuna, amene anakagwirako ntchito ku Joni nthawi ya Wenela. Linali lofiira ndi dzimbiri, koma mawu oti Sheffield ankawerengeka. Kulidzutsa kunanditengera Loweruka awiri, ndipo njira yake ndi iyi.

Choyamba, liyang'anitsitseni padzuwa. Ngati chitsulo chili ndi mng'alu, kapena dzimbiri laboola kukamwa kwake, lisungeni ngati chikumbutso basi. Limenelo lidzakung'ambani tsaya. Ngati dzimbiri lili pamwamba chabe, likhuleni ndi sandipepa wosalala monyowetsa ndi timafuta, pang'onopang'ono, zala zili kutali ndi kukamwa. Chogwirira chake musachiviike m'madzi otentha, chifukwa zambiri zakale ndi zanyanga, zafupa kapena zapulasitiki yosalimba, ndipo zimapindika.

Chachiwiri ndi kunola, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaliphera. Mwala wonolera chikwanje kapena nkhwangwa ndi waukali kwambiri, ndipo galayindala ya kwa owotcherera imapsereza chitsulo. Pamafunika mwala wosalala, wothira madzi. Lumo limagona chafufumimba pamwalapo, msana ndi kukamwa zonse zikukhudza, n'kumalikankha mopepuka kukamwa kuli patsogolo, mbali iyi kenako inayo. Msanawo ndi umene umasunga kapendekedwe koyenera, choncho musaudzutse.

Chachitatu ndi chikopa. Lamba wachikopa wosalala, wopanda zokongoletsa, amakwanira. Mumangirireni pamsomali, mumukoke kuti awongoke, ndipo ulendo uno msana ndi umene umatsogola. Izi zimachitika nthawi iliyonse musanamete. Lumo lathwa ngati likudula tsitsi lapamkono popanda kukanikiza.

Pometa, fewetsani ndevu ndi madzi ofunda ndi thovu la sopo. Dzanja lina likoke khungu, lumo lipendekeke pang'ono, pafupifupi madigiri 30, ndipo mutsate komwe ndevu zagonera. Kwa ife atsitsi lopotana izi n'zofunika, chifukwa kumeta mobwerera kumapangitsa tsitsi kumerera m'khungu, ndiye tiziphuphu tapakhosi tija. Tsiku loyamba metani masaya okha. Foni ikhale patali, aise, apa si pojambulira TikTok. Mukatha, litsukeni, muliumitse ndi kulipaka timafuta, poti chinyezi cha kuno ku Mulanje sichichedwa kubweretsa dzimbiri.

Tsopano nkhani yaikulu. Anzanga atangoliona, aliyense anafuna kuliyesa, ndipo ndinakana. Timati mnzako akapsa ndevu m'zimire, koma mwambiwu sukunena zobwerekana lumo. Lumo lakuthwa limasiya timabala tosaoneka, ndipo m'kadontho ka magazi mumayenda matenda. Ambiri timaganiza za HIV yokha, koma palinso matenda achiwindi a hepatitis B. Bungwe la WHO limati kachilombo kake kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku osachepera 7. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana kuno ku Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chakacho chisanafike sanamulandire ali makanda. Kungopukuta ndi kathonje ka spiriti mothamanga si chitsimikizo choti chitsulo chayera.

Ndiye kwa ometa a pa Thuchila, pa Nkando ngakhale pa Chonde, lumo lakale si yankho la kuzima kwa magetsi. Chowayenera ndi chogwirira chooneka ngati lumo lopinda, koma cholowetsamo theka la lezala yatsopano. Kasitomala aliyense lezala yake, yotsegulidwa iye akuona, ndipo yotha ntchito iponyedwe m'chitini chotseka, osati kuseri kwa shopu komwe ana amatola. Inunso muli ndi ufulu wofunsa musanakhale pampando. Si mwano. Chimodzimodzinso kumudzi, pometa maliro kapena potema mphini: lezala imodzi isadutse pamitu ya banja lonse.

Koma kwa munthu wodzimeta yekha, lumo la agogo ndi chuma. Silidikira magetsi, silisamala kuti dola yafika pati, ndipo ukalisamala limaposa zaka za mwini wake. Mukapita kumudzi, apempheni agogo akuonetseni za m'sutikesi mwawo zisanagulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha. Mukalipeza, likonzeni, ndipo likhale la nkhope yanu yokha.