Zofunika Kukonzekera pa Ulendo wa pa Galimoto Wochoka ku Blantyre Kupita ku Johannesburg

Alimi, ochita malonda ndi anthu onse amene akufuna kupita ku South Africa pa galimoto yawo akudziwitsidwa kuti mavuto ambiri a ulendowu amayamba munthu asananyamuke n'komwe. Pa chipata chilichonse cha m'malire amaunika zinthu zitatu payokhapayokha: munthu, galimoto ndi katundu. Chimodzi mwa izi chikasowa mapepala oyenera, ulendo wonse umaima ngakhale zina ziwirizo zili bwino.

Njira ndi kutalika kwake

Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Johannesburg ndi mtunda wa makilomita opitirira 1,700. Woyenda amatuluka m'dziko muno pa chipata cha Mwanza, pafupifupi makilomita 100 kuchokera ku Blantyre, n'kulowa m'dziko la Mozambique pa Zobue. Akawoloka mtsinje wa Zambezi mumzinda wa Tete, amakatulukira pa Cuchamano n'kulowa m'dziko la Zimbabwe pa Nyamapanda. Kuchoka pamenepo kukafika ku Harare ndi makilomita pafupifupi 240, ndipo kuchoka ku Harare kudzera ku Masvingo mpaka pa Beitbridge ndi pafupifupi 580. Akawoloka mtsinje wa Limpopo, msewu wa N1 umadutsa ku Musina, Polokwane ndi Pretoria mpaka ku Johannesburg.

Malire ake ndi atatu, koma malo oonetsa mapepala ndi 6, chifukwa pa malire aliwonse munthu amayenera kutuluka m'dziko lina ndi kulandiridwa m'dziko linalo. Amene amangowerengera maola a pamsewu, kuiwala maola a pamzere, ndi amene amakakamizika kuyenda usiku atatopa. Ndi bwino kupatula masiku awiri kapena atatu, ndipo ngati n'kotheka pakhale madalaivala awiri osinthana.

Mapepala a munthu

Aliyense wokwera m'galimoto, ngakhale mwana wakhanda, akhale ndi pasipoti yakeyake. Ndi bwino kuti pasipotiyo ikhale itatsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe mphamvu, komanso ikhale ndi masamba opanda chidindo okwanira ulendo wopita ndi wobwerera. Dalaivala atenge laisensi yake yeniyeni, osati kope lake.

Mmalawi wopita kukacheza ku South Africa safunika viza ngati sakhalako masiku opitirira 30. Asanachoke pazenera la ofesi ya Immigration, aliyense awerenge tsiku limene lalembedwa pa chidindo, chifukwa tsikulo ndi limene lamulo limatsata. Wopitirira tsikulo amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi, ndipo wopitirira ndi masiku oposa 30 amaletsedwa kwa zaka zisanu. Kwa munthu amene amadalira kukaoda katundu ku Johannesburg, chiletso chotere ndi kugwa kwa bizinesi.

Mapepala a galimoto

Galimoto nayo imalowa m'dziko la eni ngati mlendo. Mwini wake atenge blue book, COF yosatha mphamvu ndi kalata ya apolisi yotsimikizira kuti galimotoyo si yakuba. Ngati woyendetsa si mwini wake, kapena galimotoyo idagulidwa pa ngongole ya kubanki imene sinathe, pakhale kalata ya mwini wakeyo kapena ya banki yololeza kuti ituluke kunja. Potuluka, galimoto ilembetsedwe ku ofesi ya Malawi Revenue Authority ya pachipata kuti idzalowenso popanda chovuta.

Polowa m'dziko lina, galimoto imapatsidwa chilolezo cha kanthawi chotchedwa Temporary Import Permit. Chilolezochi chili ndi tsiku lothera, chimafunsidwa pa marodibuloko, ndipo chimabwezedwa potuluka. Kugulitsa galimoto imene idalowa ndi chilolezo chimenechi ndi mlandu wozemba msonkho.

Inshuwalansi ya m'dziko muno payokha sigwira ntchito kunja. Ku Zimbabwe imagwira ntchito ndi Yellow Card ya bungwe la COMESA, imene imagulidwa ku makampani a inshuwalansi konkuno munthu asananyamuke. Dziko la Mozambique silili m'bungweli, choncho inshuwalansi yake imagulidwa payokha pachipata. Ku South Africa thumba la Road Accident Fund, limene ndalama zake zimachokera pa mtengo wa mafuta, limathandiza anthu ovulala pa ngozi koma silikonzetsa galimoto. Choncho mwini galimoto afunse kampani yake ngati ingamulembere kalata yoteteza galimotoyo kunja kwa dziko lino.

Maiko onse anayi amayendetsa kumanzere kwa msewu. M'galimoto mukhale matrayango awiri ochenjeza, chovala chonyezimira, chozimitsira moto, tayala lapadera labwino ndi jeke. Dera la Tete limatentha kwambiri, makamaka mu October ndi November pamene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Matayala otha ndi injini yodontha madzi sizipirira kutentha kotero, n'chifukwa chake galimoto ipite kwa makaniko kudakali sabata imodzi kapena ziwiri.

Katundu ndi ndalama

Alimi adziwe kuti mbewu, zipatso, mitengo yodzala, nyama ndi mkaka siziwoloka malire ngati katundu wamba. Zokolola zimafunika satifiketi ya Unduna wa Zaulimi yotsimikizira kuti zilibe matenda kapena tizilombo, komanso chilolezo cha dziko limene zikupita. Zina, monga chimanga, sizituluka m'dziko muno popanda chilolezo cha boma. Katundu wopanda mapepala amalandidwa, ndipo mwini wake amalipira chindapusa.

Ochita malonda asunge malisiti a zonse zimene agula, chifukwa pobwerera msonkho wa pa Mwanza umawerengedwa potengera mtengo wa katunduyo. Ndalama zakunja zigulidwe ku banki kapena ku malo osinthira ndalama ovomerezeka, ndipo lisiti lake lisungidwe. Ku Mozambique amagwiritsa ntchito metical, ku South Africa randi, ndipo ku Zimbabwe dola ya ku America imayenda pamodzi ndi ZiG, ndalama imene idakhazikitsidwa mu April 2024. Kupatula mafuta, chakudya ndi malo ogona, pakhale ndalama zolipirira misewu ndi misonkho ya galimoto ya pachipata.

Pa chipata

Chipata cha Beitbridge chimagwira ntchito usana ndi usiku, koma chimadzaza kwambiri mu December ndi pa nyengo ya Pasaka. Pa zipata zonse pamapezeka madobadoba olonjeza kufulumizitsa zinthu. Pasipoti ndi mapepala a galimoto zisaperekedwe kwa munthu wina aliyense kupatula wogwira ntchito wa pazenera, ndipo ndalama iliyonse yolipiridwa ikhale ndi lisiti la boma. Chidindo chachinyengo chikapezeka mu pasipoti, woyankha mlandu ndi mwini pasipotiyo.

Malamulo ndi mitengo ya pa zipata zimasintha nthawi ndi nthawi, ndipo safunsa adadya phula. Oyenda onse akulangizidwa kufunsa ku maofesi a Immigration, Malawi Revenue Authority ndi Road Traffic asananyamuke, kusiya makope a mapepala awo kwa achibale kunyumba, komanso kusunga manambala a foni a maofesi a kazembe wa dziko lino ku Harare ndi ku Pretoria.