Kokapumula Awiri ku Ndola, Mzinda wa Malekodi

Mabanja ambiri a ku Bwana Mkubwa amapita ku Ndola kukagula katundu kapena kucipatala basi. N'zacisoni, pakuti mzindawo uli pafupi, ndipo ku Kansenshi ndi ku Northrise kuli nyumba zing'onozing'ono za alendo kumene bambo ndi mai angagone usiku umodzi kutali ndi phokoso la ana.

Posankha pogona, funsaninso za nyimbo. M'zaka za m'ma 1970 Ndola ndiye anali cimake ca malekodi. Kumeneko a Edward Khuzwayo anali kuyendetsa Zambia Music Parlour, imene inatulutsa lekodi ya Amanaz yochedwa Africa mu 1975. Kampani ya Teal nayonso inali komweko. Ambiri amene lero ali ndi adzukulu anatomerana akuvina nyimbo za WITCH, anyamata a ku Kitwe. Gululo silinafe: mu 2023 a Jagari Chanda ndi anzao anatulutsa Zango.

Nanga n'cifukwa ninji eni mahotela ena amaliza nyimbo zakunja zokhazokha pa cakudya camadzulo? Mlendo wolipira cipinda asacite manyazi kupempha Zamrock kapena kalindula, ndipo adzutse amai avine.

Sungitsani malo msanga. Kuciyambi kwa July, nthawi ya Trade Fair, zipinda zimadzaza ndipo mitengo imakwera.