Babu lotchipa: tiliyatse kaye tisanatulutse ndalama

Nandolo akagulidwa, kapena matemba akayenda bwino pa doko la Swang'oma, ambirife timakhala ndi kamndandanda kathu m'mutu: malata awiri atatu oika pomwe pakudontha, misomali, loko wa pa khola la mbuzi, ndi mababu. Mababuwo timawasiya kumapeto, m'thumba mutatsala tchenje, ndiye timangotola amene wogulitsa wanena kuti ndi otchipa.

Ifenso zinatichitikira. Chaka chatha tinasonkherana mabanja angapo n'kugula mababu khumi pa benchi ina tsiku la msika. Bokosi lake linali lokongola, manambala akuluakulu, mtengo wake wosaboola m'thumba. Mvula isanagwe n'komwe, asanu ndi limodzi anali atapsa, awiri akuphethira ngati ziphaniphani. Titabwerera kukadandaula, mnyamata uja anali atasamuka kalekale, pamalo pake pali mayi wogulitsa zitumbuwa. Kuchokera tsiku limenelo tinayamba kufunsa amisiri a magetsi ndi kuwerenga zolembedwa pa mabokosi, poti safunsa anadya phula. Zimene tapeza ndi zimene tikufuna tigawane pano.

Choyamba tivomereze kuti babu la LED, likakhala lenileni, ndi mnzake wa munthu wosauka. Babu lakale lija la kawaya m'kati, la mawati 60, likamayaka maola asanu usiku uliwonse limadya mayunitsi 9 pa mwezi. La LED la mawati 9 limawala chimodzimodzi koma limadya yunitsi imodzi ndi kachidutswa, 1.35 basi. Nyumba ya mababu anayi, mwaona nokha kusiyana kwake pa mita. N'chifukwa chake a ESCOM nawonso akhala akulimbikitsa anthu kusiya mababu akale aja, makamaka m'zaka zimene magetsi akhala akuperewera, monga muja namondwe Ana anaonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022.

Vuto ndi loti mababuwa amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu yense wa m'hadiweya anakwera. Ife ogula tinkafunabe babu la mtengo wakale, ndiye amalonda ena anatipatsadi la mtengo wakale, koma m'kati mwake muli zochepa. Kunja kwake onse ndi oyera, onse ndi ozungulira. Kusiyana kuli m'mimba.

M'mimba mwa babu la LED muli timaso tating'ono tachikasu tomwe timawala, kachipangizo kosintha mphamvu ya magetsi kuti igwirizane ndi timasoto, ndi kambale ka aluminiyamu kochotsa kutentha. Kawirikawiri chimene chimapha babu ndi kutentha. Wopanga akafuna kutchipitsa amachepetsa kambale kaja ndi kachipangizo kaja, kenako n'kukakamiza timaso tochepa kuti tiwale kwambiri. Tsiku loyamba limawala mpaka kuthobwa m'maso. Likakhala pansi pa malata opanda siling'i mwezi wa Okutobala, kutentha kwa kuno ku chigwa kumalimaliza. Ndiye musanafunse mtengo, linyamuleni m'manja. Mukafanizira awiri a mawati ofanana, lopepuka ngati chikamba cha dzira ndi lokayikitsa.

Kenako bokosi. Ambirife tinazolowera kufunsa kuti “ndi la mawati angati?” Mawati amanena chakudya cha babu, pomwe kuwala kwake kumayezedwa ndi nambala ina yolembedwa lm, kutanthauza lumens. Chipinda wamba chimafuna cha m'ma 800 lm, komwe ndi kuwala kwa babu lakale la mawati 60. Babu labwino la LED limapereka pakati pa 80 ndi 100 lm pa wati iliyonse, ena kuposa apo. Bokosi likangolemba “30W” ndi zilembo zofiira koma osatchula lm paliponse, kababu kake n'kukhala kongodzadza chikhatho cha mwana, dziwani kuti nambala ija ndi yokopera maso chabe. Athu khumi aja anali otero.

Pali nambala inanso imene ife a kuno tiyenera kuisamala kwambiri. Magetsi a m'nyumba zathu amayenera kukhala 230V, koma tonse timadziwa mmene amafookera madzulo aliyense akayatsa, kapena chigayo chapafupi chikamagaya. Babu lolembedwa 85-265V kapena 100-240V linapangidwa kuti lipirire kukwera ndi kutsika kotere. Lolembedwa 220V yokha limazilala ndi kuphethira magetsi akafooka. Ngati pa mababu awiri lina lakwera pang'ono chifukwa cha nambala imeneyi, ife timatenga limenelo.

Kuthako kwa babu musakuiwale. La mapini awiri ndi B22, lopota ngati sikuluwu ndi E27. Yang'anani holda ya kunyumba musananyamuke, kapena nyamulani babu lakupsalo m'thumba. Tinaonapo bambo wina atapalasa njinga ulendo wautali kubwerera ku Migowi chifukwa cha tinthu timeneti.

Mtundu wa kuwala nawo uli ndi ntchito yake. Lolembedwa 6500K limawala moyera mbee, ndipo ndi labwino posankha nsomba, posoka ukonde, kapena pamene ana akuwerenga. Lolembedwa 2700K kapena 3000K limawala mofiirira ngati nyali. Tizilombo touluka usiku timakonda kwambiri kuwala koyera kuja, choncho pakhonde, pafupi ndi thandala la nsomba kapena pomwe mwasunga matumba a mpunga, lofiirira limachepetsako alendo osawaitana.

Koma tinene zoona: m'boma lino nyumba zambiri waya wa ESCOM sunafikemo. Ku midzi, ku madoko, ndi m'zimbowera za pa nyanja ya Chilwa, chimene chimayatsa babu ndi sola ndi batire. Apa pamafunika babu lolembedwa DC 12V. La 230V mukalilumikiza ku batire siliyaka, ndipo la 12V mukaliika pa magetsi a ESCOM limapsa pompopompo. Popeza maonekedwe ake ndi amodzimodzi, pena wogulitsa mwini amawasokoneza. Werengani pa thupi la babulo, osangodalira bokosi, poti mabokosi amasinthanitsidwa.

Pa batire, babu lalikulu ndi mdani. Kabatire ka 12V 7Ah, kaja timakaona pa timasola tating'ono, kamasunga mphamvu yokwana mawati 84 kwa ola limodzi, ndipo kuti kakhalitse simuyenera kukakama kupitirira theka. Ndiye kuti babu la mawati 5 lidzayaka maola asanu ndi atatu, pomwe la mawati 15 silifika n'komwe maola atatu. Munthu amagula lalikulu poti mtengo wake unali pafupifupi womwewo, kenako n'kumadandaula kuti batire lafa msanga. Batire latsopano ndi ndalama ya mababu angati? Kwa owamba nsomba usiku, mababu awiri a mawati 3 kapena 5, lina pa uvuni lina posankhira, amathandiza kuposa limodzi lalikulu pakati. Ndipo ngati liziyaka panja kapena pa madzi, funani lotsekeka bwino, lolembedwa IP65, kuti chinyezi ndi fumbi zisalowe.

Aliponso mababu otchaja aja, amene amapitiriza kuyaka magetsi akathima. Ndi othandiza, sitikana. Koma m'kati mwake muli kabatire kakang'ono, ndipo n'komwe kamayamba kufa. Musalipire kawiri mtengo wa babu wamba chifukwa cha lonjezo la “maola asanu” lolembedwa pa bokosi. Gulani limodzi kaye, mukaliyese kunyumba ndi wotchi.

Tsopano pa kauntala. Shopu iliyonse ya hadiweya yodzilemekeza imakhala ndi holda yoyesera. Musachite manyazi. “Achimwene, taliyatsani kaye tione.” Akati, “Aa, bambo, awa ndi orijino, sachita kuyesa,” inu mungoti zikomo n'kulowa khomo lina. Akaliyatsa, lozetsani kamera ya foni yanu pa babulo: mukaona mizere yakuda ikuyenda pa sikilini, ndiye kuti likuphethira mwachangu moti diso silikuona, chizindikiro cha kachipangizo kotchipa m'kati. Ngati mukugula asanu, ayatsidwe onse asanu, lililonse libwerere m'bokosi lake inu mukuona.

Pemphani lisiti, ngakhale lolemba pamanja, bola pakhale dzina la shopu ndi tsiku. Chikwangwani chija chimati katundu akagulidwa sabwezedwa chisakuopseni. Bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la CFTC lakhala likuchenjeza amalonda kuti mawu oterewa ndi osemphana ndi lamulo, ndipo katundu akapezeka ndi vuto wogula ali ndi ufulu wodandaula. Koma popanda lisiti mukayambira pati? Apa ndi pomwe shopu yokhazikika imaposa benchi ya tsiku la msika: mawa mudzaipeza pomwepo. Ife tinaphunziranso kulemba tsiku logula pa thupi la babu ndi cholembera chosafufutika. Likapsa simutsutsana ndi munthu, ndipo pakutha pa chaka mumadziwa mtundu umene wakhalitsa.

Tiyerekeze chabe, poti mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi: babu la K1,500 lokhala miyezi iwiri, pa chaka mugula asanu ndi limodzi, K9,000. La K4,000 likatha chaka, mwapulumutsa K5,000 ndi maulendo asanu a pa kabaza.

Nanga tigule kuti? Aliyense amadziwa kuti ku Limbe katundu amatsikirako mtengo, makamaka mukamapikula. Koma kukwera minibasi kupita ndi kubwera chifukwa cha mababu atatu ndi kudzinamiza. Ulendo wa ku Limbe umapindula mukakhala gulu, kaya ndi kalabu ya alimi, komiti ya pa doko kapena banki mkhonde, n'kulemba zofuna zonse pa pepala limodzi, kutuma anthu awiri odziwa, n'kukagula katoni yathunthu pamodzi ndi waya, misomali ndi maloko. Pamenepo mumakhalanso ndi pakamwa ponenerera mtengo. Kwa munthu mmodzi, mashopu a pa boma, pa Migowi kapena pa Chiringa ndi okwanira, bola muyende atatu musanatulutse ndalama. Ena amadumphira ku Milange kudzera pa Muloza. Werengerani kusintha kwa ndalama ndi msonkho wa pa chipata, ndipo kumbukirani kuti chikakafa kunyumba simudzabwerera nacho.

Pa katundu yense wa m'hadiweya, pamene sitifuna kumva za kutchipa ndi pa waya. Babu loipa limakudyerani ndalama, koma waya woipa umaotcha nyumba, chimanga cha chaka chonse chili momwemo. Pamsika padzadza waya wooneka ngati wa kopa, pomwe m'kati ndi aluminiyamu wongokutidwa kunja. Uzani wogulitsa asende kansonga, inu mupale ndi mpeni: ukaoneka woyera m'kati, usiyeni. Wa kopa weniweni ndi wofiirira mpaka pakati, ndi wolemera, ndipo suthyoka msanga mukaupinda kangapo. Wa mababu ndi 1.5mm, wa masoketi 2.5mm, ndipo woika akhale mmisiri wa chiphaso, osati mphwanu poti anaonererapo. Ngakhale pa sola, kawaya kopyapyala kotalika kamadya mphamvu pa njira, babu n'kumawala ngati koloboyi inu n'kumanena batire.

Malata nawo ali ndi msampha wake. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: la 28 ndi lochindikala kuposa la 30, ndipo la 32 ndi lopyapyala kuposa onsewo. Amene amanganso nyumba ku Nkhulambe ndi madera ena chichokereni namondwe Freddy mu Malichi 2023 akudziwa chimene mphepo imachita ndi lata lopyapyala lokhomedwa ndi misomali yochepa. Yezani kutalika kwa lata ndi tepi pa shopu pomwepo, ndipo misomali iikidwe pa sikelo inu mukuona. Thumba la simenti ndi makilogalamu 50. Ligwireni m'makona: likakhala ndi mibulu yolimba ndiye kuti linamwa chinyezi, ngakhale atsitse mtengo bwanji. A kufupi ndi nyanja, paja madzi a Chilwa ndi amchere pang'ono chifukwa nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndiye loko ndi mahinjesi otchipa amachita dzimbiri msanga. Loko wa bulasi amadula, koma ndi amene amatsekukabe mvula ikatha.

Chaka chino mabanja omwe aja tinasonkherananso. Tinagula mababu asanu ndi atatu okha m'malo mwa khumi, pa shopu ya njerwa, onse atayatsidwa pamaso pathu, lisiti lili m'buku la msungichuma. Limodzi linakana kuyaka bwino sabata yoyamba, tinapita nalo, mwini shopu anayang'ana tsiku lolembedwa pa thupi lake n'kutipatsa lina osatsutsa. Otsalawo akuyaka mpaka lero, ndipo tikudikira tione ngati adutse kutentha kwa Okutobala.