Famu ya Ellisland

Ellisland ndi famu yakale imene ili m'mbali mwa mtsinje wa Nith, pafupi ndi mudzi wa Auldgirth, m'chigawo cha Dumfries and Galloway kumwera chakumadzulo kwa Scotland. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10 kuchokera m'tauni ya Dumfries. Famuyi imadziwika chifukwa mlakatuli Robert Burns ndiye anamangitsa nyumba yake, ndipo analima pamalopa kuyambira 1788 mpaka 1791. Masiku ano nyumbayo pamodzi ndi makola ndi nkhokwe zake ndi malo osungirako zinthu zakale, ndipo zili m'gulu A, gulu lapamwamba kwambiri la nyumba zotetezedwa ndi malamulo a Scotland.

Mbiri

Robert Burns anabadwa pa 25 January 1759 ku Alloway, m'banja la alimi obwereka minda. Mu 1788 anagwirizana ndi mwini malo, Patrick Miller wa ku Dalswinton, kuti achite lendi famu ya Ellisland, yomwe inali ya maekala 170. Lendi inali mapaundi 50 pachaka kwa zaka zitatu zoyamba, kenako mapaundi 70. Pamalopa panalibe nyumba yoti banja n'kukhalamo, choncho Miller anapereka mapaundi 300 omangira nyumba ndi kutchinga minda. Ntchito yomangayi inapatsidwa kwa mmisiri Thomas Boyd. Inachedwa kutha, moti Burns ankakhala kaye m'nyumba ina yapafupi, ndipo iye ndi mkazi wake Jean Armour analowa m'nyumba yatsopanoyo mu 1789.

Malowa anali okongola koma nthaka inali yamiyala ndiponso yoguga. Mbewu zitalephera kubweza ndalama, banjali linayamba kudalira ng'ombe za mkaka, ndipo ankapanga batala ndi tchizi. Mu 1789 Burns analowa ntchito ya boma yotolera msonkho, imene inkamuyendetsa pa hatchi mitunda italiitali sabata iliyonse. Kumapeto kwa 1791 anasiya famuyi n'kusamukira ku Dumfries, kumene anamwalira pa 21 July 1796.

Ngakhale ulimi unamukanika, zaka zitatu za ku Ellisland zinali zobala zipatso pa ntchito yake yolemba. Kunoko analemba ndakatulo ndi nyimbo zoposa 130. Mwa zimenezi muli ndakatulo yaitali ya Tam o' Shanter ya mu 1790, komanso nyimbo ya Auld Lang Syne, imene imaimbidwa m'mayiko ambiri usiku wolowa chaka chatsopano.

Mamangidwe

Nyumba ya Ellisland si yapamwamba ngati za eni malo olemera a nthawi imeneyo. Ndi nyumba yopanda nsanjika, ya mlimi wamba. Makoma ake ndi a miyala yosasema, yolumikiza ndi laimu, ndipo kunja kwake ndi kopaka njereza. Denga ndi la miyala yopyapyala yotchedwa slate, imene amisiri amaisanja mosanjikizana ngati mamba a nsomba kuti madzi a mvula azitsetsereka. Mazenera ndi aang'ono, zomwe zimathandiza kusunga kutentha m'dziko lozizira ngati Scotland. M'kati muli khitchini, chipinda chochezera ndi zipinda zogona. Khitchini ndiyo inali chimake cha nyumba, pakuti moto wake unkaphikira chakudya komanso kufunditsa banja lonse ndi antchito.

Pafupi ndi nyumbayi pali nyumba zina zogwirira ntchito za pa famu, zimene anthu a ku Scotland amazitchula ndi mawu amodzi akuti steading. Pali khola la ng'ombe, khola la mahatchi, nyumba yopunthiramo mbewu, nkhokwe ndi posungira ngolo. Nyumbazi zinamangidwa mozungulira bwalo. Kamangidwe kotere kanafala ku Scotland kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene eni malo ankasintha ulimi potchinga minda, kuthira laimu m'nthaka ndi kumanga nyumba zamiyala m'malo mwa zofolera udzu. Bwalo lotchingidwa linkateteza ziweto ku mphepo, ndipo linkafupikitsa ulendo wa mlimi pakati pa nkhokwe, khola ndi dzala la manyowa. Alimi amene anabwera Burns atachoka anasintha ndi kuwonjezera zina, choncho nyumba zimene zilipo lero zimasonyeza ulimi wa mibadwo ingapo.

Chitetezo cha malamulo

Ku Scotland nyumba zakale zimatetezedwa ndi lamulo la mu 1997 lotchedwa Planning (Listed Buildings and Conservation Areas) (Scotland) Act. Bungwe la Historic Environment Scotland, limene linayamba ntchito mu 2015, ndilo limasunga mndandanda wa nyumba zotetezedwa. Mndandandawu uli ndi nyumba pafupifupi 47,000, zogawidwa m'magulu atatu, A, B ndi C. Nyumba za m'gulu A ndi zochepa, sizifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo ndi zimene zimaonedwa kuti ndi zitsanzo zapadera za nthawi yake kapena mtundu wake.

Nyumba ikalowa pa mndandanda siikhala ya boma, mwini wake amakhala yemweyo. Chimene chimasintha n'chakuti saloledwa kuigwetsa, kuikuza kapena kusintha maonekedwe ake, kunja ngakhale m'kati, popanda chilolezo cha khonsolo ya m'deralo. Kuchita zimenezi popanda chilolezo ndi mlandu. Pa nkhani ya Ellisland chilolezocho chimachokera ku khonsolo ya Dumfries and Galloway, ndipo pa nyumba za m'gulu A khonsolo imafunsa maganizo a Historic Environment Scotland isanagamule.

Chitetezo cha Ellisland sichithera pa nyumba yogona yokha. Makola ndi nkhokwe nazo ndi zotetezedwa, chifukwa popanda izo mlendo akanangoona nyumba ya mlakatuli, osadziwa kuti munthuyo ankadzuka m'mamawa kukasamala ziweto ndiponso ankavutika kupeza ndalama za lendi. Pa mafamu ambiri nyumba zoterezi ndizo zimayamba kuwonongeka. Makomo ake ndi opapatiza moti thirakitala silingalowe, choncho alimi amazisiya kuti zigwe, kapena amazigulitsa kuti zisandulidwe nyumba zokhalamo anthu. N'chifukwa chake famu imene nyumba zake zonse zidakali pamodzi imawerengedwa kuti ndi yosowa.

Kasamalidwe

M'zaka za m'ma 1920 famuyi inaperekedwa m'manja mwa matrasiti kuti isungidwe pokumbukira Burns, ndipo kuyambira 2020 ikuyang'aniridwa ndi bungwe lachifundo la Robert Burns Ellisland Trust. Alendo amaloledwa kuona nyumbayi, katundu ndi zolemba zina za Burns, ndiponso kuyenda m'kanjira ka m'mbali mwa mtsinje wa Nith kamene akuti iye ankayendamo popeka Tam o' Shanter.

Mdani wamkulu wa nyumba zamiyala ku Scotland ndi chinyezi. Mwala umodzi wa padenga ukasuntha, madzi amalowa n'kuwoletsa mitanda ndi phaso. Pokonza makoma akale akatswiri amagwiritsa ntchito laimu osati simenti, chifukwa laimu amalola chinyezi kutuluka, pamene simenti imachitsekera m'kati mwa khoma mpaka miyala kuyamba kufumbutuka. Ntchito yotere imafuna amisiri odziwa luso lakale, ndipo ndi yokwera mtengo. Lamulo limaletsa kuwononga nyumba koma silipereka lokha ndalama zoikonzera, choncho oyang'anira Ellisland amadalira ndalama za alendo, zopereka za anthu akufuna kwabwino ndi thandizo la mabungwe osamala zinthu zakale kuti madenga ndi makoma a famuyi akhalebe olimba.