Tsankho m'sukulu za boma: zimene malamulo amaletsa ndi zimene sanafikebe ku chigwa cha Shire

Sukulu iliyonse imene imayenda ndi ndalama za boma m'Malawi ilibe chilolezo chosankha mwana potengera mtundu, chipembedzo kapena maonekedwe ake. Maziko a lamuloli ali m'malamulo oyendetsera dziko a 1994. Gawo 20 limaletsa tsankho la mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, chuma, kukhala mwamuna kapena mkazi, ndi zina zotero, pomwe gawo 25 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. M'chaka chomwecho boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni.

Malamulo ena anabwera pambuyo kudzawonjezera mphamvu. Lamulo la anthu aulumali la 2012 linaletsa kukaniza mwana malo pasukulu chifukwa cha ulumali wake. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la maphunziro, lomwe limakakamiza kuti mwana aliyense aphunzire pulayimale, komanso lamulo loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi. Lachiwirili limati m'sukulu zaukachenjede za boma akazi kapena amuna asachepere 40 pa 100 alionse. Mtsikana amene watenga pakati amaloledwa kubwerera m'kalasi akachira, malinga ndi ndondomeko imene inayamba mu 1993 ndi kukonzedwanso mu 2018.

Mphamvu ya malamulowa inaonekera bwino pa nkhani ya ana a chipembedzo cha Rasta. Kwa zaka zambiri aphunzitsi aakulu ankabweza ana a tsitsi lopota, kuwauza kuti akamete kaye, mwambo umene unachokera m'nthawi ya Kamuzu Banda pamene tsitsi lalitali kwa amuna linali mlandu. Makolo a ana awiri, wina wosankhidwira ku sekondale ya Malindi ku Zomba, wina wofuna malo pa Blantyre Girls, anakamang'ala kukhothi. Pa 8 May 2023 Jaji Zione Ntaba wa khothi lalikulu ku Zomba anagamula kuti kuletsako n'kuphwanya malamulo oyendetsera dziko, ndipo analamula unduna wa zamaphunziro kuti udziwitse sukulu zonse za boma. Nkhani ya hijabu inayenda njira ina. Mkangano utabuka pasukulu ya M'manga ku Balaka mu 2019, bungwe la Public Affairs Committee linakhazika pansi atsogoleri a Chikhristu ndi Chisilamu, ndipo mu 2021 anasainirana pangano lolola atsikana achisilamu kuvala hijabu m'sukulu za mishoni zothandizidwa ndi boma.

Milandu iwiriyi inali yosavuta kuiona chifukwa panali munthu woima pachipata n'kunena kuti "iwe usalowe". M'midzi yozungulira dambo la Elephant Marsh, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, mwana amatsalira popanda womukaniza. Madzi a Shire ndi Ruo akasefukira, monga zinachitikira mu January 2015, pa namondwe wa Idai mu 2019, wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu March 2023, makalasi omwe atsala chiimire amasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Madesiki amaunjikidwa pakona, m'kalasi mumalowa mphasa, mapoto ndi matumba a ufa, ndipo maphunziro amaima. Ku Makhanga, kutsidya la kum'mawa kwa Shire, msewu umaduka, otsala n'kukhala mabwato okha pamadzi a ng'ona ndi mvuu. Koma mayeso a Sitandade 8 mwana wa kumeneko amalemba omwewo, tsiku lomwelo, ndi mnzake wa ku Blantyre, ndipo malo a m'sekondale zina amalimbirana ofanana.

Chilankhulo ndi vuto lina losakambidwa kawirikawiri. Ana ambiri a ku Nsanje amakula akulankhula Chisena. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira, pomwe chilankhulo cha kuno chimene chimaphunzitsidwa ngati phunziro ndi Chichewa, chomwe chinakwezedwa kukhala cha dziko lonse mu 1968. Mwana wa zaka 6 wa ku Bangula kapena ku Muona amayamba Sitandade 1 ndi zilankhulo ziwiri zomwe si za pakhomo pake. Gawo 20 limatchula chilankhulo momveka, koma ndondomeko yogwira ana onse mofanana ndi yovuta kuitcha tsankho pamaso pa jaji, ngakhale kuti mtolo wake umalemera mbali imodzi.

Kholo limene mwana wake wabwezedwa chifukwa cha ulumali, chipembedzo, mimba kapena kusowa yunifolomu lili ndi poyambira. Limayamba kwa mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu, kenako kwa mlangizi wa sukulu za m'dera ndi ofesi ya maphunziro ya boma. Zikakanika, madandaulo amalandiridwa kwaulere ku ofesi ya Ombudsman ndi ku Malawi Human Rights Commission, ndipo wosowa ndalama za loya angathandizidwe ndi Legal Aid Bureau.