Munthu wa waya ndi ziguduli amayambira kumapazi

Mayi wina woyandikana nane nyumba kuno ku Wusakile, mu Kitwe, adasuzumira pampanda madzulo ena naona munthu wopanda mutu atayima pansi pa mtengo wa mapeyala. Mmene kumacha, mzere wonse unali utamva kuti ndikuweta chinthu kuseri kwa nyumba. Ndidamuitana masana kuti adzachigwire ndi manja ake. Adapeza zitsulo, waya wa khola la nkhuku ndi ziguduli zoviika m'simenti. Adangoti, "Aneba, ndiye bwanji chimaoneka ngati chikufuna kuyenda?" Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikupanga ziboliboli, palibe amene adandifunsapo funso labwino kuposa limeneli.

Chinthucho chinali bambo anga. Adachokera ku Chipata ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi wa Nkana, ndipo atamwalira adasiya chisoti, jombo ndi ovolosi yong'ambika pabondo. Palibe adandituma kapena kundilipira. Ndidangofuna kuwaimikanso ndi zinthu zimene adazigwira ndi za m'tauni imene idawadya mphamvu.

Anthu amaganiza kuti chiboliboli chimafanana ndi munthu chifukwa cha nkhope. Ine nkhope ndimathera. Chimene mayi uja adaona chinalibe ndi mutu womwe, koma chidamuopsa. Chinsinsi chake ndi kaimidwe. Munthu wamoyo saima mofanana pa miyendo yonse iwiri ngati tebulo. Amatsamira pa mwendo umodzi, chiuno cha mbali imeneyo chimakwera pang'ono, phewa la mbali yomweyo limatsika. Mukamanga mwala kuchingwe n'kuchigwira pa kadzenje ka pansi pa khosi, mwalawo umalunjika pa phazi limene lasenza thupi. Mukaphonya pamenepa, ngakhale mwana amaona kuti munthuyo akugwa. Mukadzadutsa pa chiboliboli cha Mposa Mabwe mu Kitwe muno, kapena cha Ufulu ku Lusaka chimene James Butler adapanga n'kuimikidwa mu 1974, musathamangire kumaso. Yang'anani kumene thupi latsamira.

Ndiye ndimayamba ndi mafupa. Ndimagula zitsulo zomangira nyumba zija amisiri amazitcha Y12, n'kuzipinda ndi kuziwotcherera pa chitsulo chafulati cholemera, choti chigwire pansi. Muyeso wake si wovuta: msinkhu wa munthu wamkulu umakwana mitu yake isanu ndi iwiri ndi theka. Bambo anali a mamita 1.7, choncho mutu udayenera kukhala wa masentimita pafupifupi 23. Pakati penipeni pa thupi ndi pomwe miyendo imayambira, osati pamchombo monga ambiri amaganizira. Manja akalendewera, zala zimafika pakati pa ntchafu. Ophunzira anga onse amapanga mikono yaifupi ndi zikhato zazing'ono, ngati akuwaumira zala anthu awo. Ikani chikhato chanu kumaso muone: chimaphimba kuchokera kuchibwano mpaka chapakati pa chipumi.

Msana ndidaupinda katatu. Bambo ankayenda chowerama pang'ono, mutu patsogolo, ngati munthu amene wazolowera kuti denga lili pafupi. Nditawongola msanawo monga mwa buku, adatuluka msilikali amene sindikumudziwa.

Pamwamba pa mafupawo ndimakutira waya wa khola la nkhuku, n'kuufinya ndi pulayala mpaka chifuwa ndi matako zioneke. Kenako ziguduli zoviika m'simenti, muyeso umodzi wa simenti pa miyeso itatu ya mchenga wosefa. Simenti imalimba ndi madzi, osati ndi dzuwa, choncho ndimafunditsa pulasitiki ndi kuwaza madzi sabata yathunthu. M'mwezi wa Okutobala, kukatentha, ndimawaza kawiri pa tsiku.

Koma ntchito yeniyeni ya kuphatikiza zipangizo zosiyanasiyana ndi kuyanjanitsa zinthu zimene sizigwirizana, ngati ankhoswe pa banja lovuta. Mtengo umafufuma nthawi ya mvula n'kunyala m'chilimwe, pamene simenti imangokhala duu. Mukazimata pamodzi, pakatha chaka pamatuluka mng'alu. Manja a bambo ndidawasema ndi mtengo wa mukwa, koma ndidawamanga ndi mabawuti, n'kusiya kampata kobisika m'kati mwa mkono wa ovolosi kuti mtengo uzipuma.

Mkuwa ndiye udandiphunzitsa mowawa. Kuno ndi kwawo kwa mkuwa, ndipo aliyense wopanga zinthu ku Kitwe ndi ku Ndola amafuna kuti uoneke pa ntchito yake. Pa chiboliboli changa choyamba ndidakulunga waya wa mkuwa pa chitsulo mwachindunji, kuti ukhale ngati misempha ya m'khosi. Mvula ziwiri zokha, khosi lidadyeka ndi dzimbiri mpaka mutu udagwa. Mkuwa ndi chitsulo zikakhudzana pali chinyezi, zimakhala ngati kabatire kakang'ono, ndipo chimene chimadyeka msanga ndi chitsulo. Mankhwala ake ndi otsika mtengo: kulungani chitsulocho ndi malegeni a chubu cha njinga, mkuwa ubwere pamwamba. Mkuwawo ukayamba kuda kenako kubiriwira, musaupukute. Umenewo ndi utoto umene simungaugule m'sitolo.

Apa ndipatuke pang'ono. Waya wa mkuwa musagule kwa munthu wongokupezani panjira atanyamula thumba. Nthambo zamagetsi zimabedwa kwambiri m'matauni athu ano, ndipo wapolisi sadzamva zoti ndinu waluso. Ine ndimagula kwa okonza mamota akale, n'kupempha risiti. Zina zonse, monga ziguduli, misomali ndi guluu, ndimazipeza mumsika wa Chisokone, kapena ku Masala ndikapita ku Ndola.

Amene alibe ndalama ya simenti angagwiritse ntchito mapepala onyika ndi phala la ufa wa chinangwa. Zimalimba bwino, koma mphemvu ndi chiswe zimaona ngati mwaziphikira, choncho pakani vanishi ndipo chikhale m'nyumba.

Ena amati luso lophatikiza zinthu chonchi lidabwera ndi masukulu a Azungu. Ine ndimawakumbutsa za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005. Kodi mitengo, nthenga, nsanza, utoto ndi makoko a chimanga sizikumana pa chilombo chimodzi kuyambira kale? Makolo athu adadziwanso chinthu china chimene ine ndidachizindikira mochedwa: sankalimbana n'kukopera nkhope ya munthu ndendende. Katswiri wina wa ku Japan wa za maloboti, Masahiro Mori, adalemba mu 1970 kuti chinthu chikamayandikira kufanana ndi munthu timachikonda, koma chikafika pofanana kwambiri n'kuperewera pang'ono, chimatiopsa ngati mtembo. Ndidayesapo kuika maso agalasi a chidole, ndipo ana anga adakana kudutsa pakhonde usiku. Ndidawachotsa n'kusiya maenje awiri pansi pa chisoti. Mthunzi umene umagwera mmenemo umayang'ana mofatsa kuposa galasi lililonse. Tsitsi la munthu weniweni nalo sindiligwiritsa ntchito, chifukwa tonse tikudziwa zimene anthu anganene atandiona ndikutola tsitsi kometera. Chingwe cha khonje chomasula chimakwanira.

Ntchito yonse idatenga miyezi inayi, madzulo ndi Loweruka basi. Nditamaliza ndidakatenga amayi. Adachizungulira kawiri osalankhula, nagwira pa bondo long'ambika lija limene adalisokapo okha kalekale. Kenako adati, "Msana wautha, mwana wanga, ndi iwowo. Koma jombozi wazitsukiranji? Bambo ako sadalowepo m'nyumba muno ndi jombo zoyera." Mawa lake ndidakatapa dothi lakuda la m'mbali mwa msewu wopita ku Black Mountain, ndidalisakaniza ndi guluu n'kupaka jombo zonse ziwiri mpaka m'akakolo.