Mchere Wosaoneka wa M'madzi Akumwa

M'midzi ina ya ku Nathenje m'boma la Lilongwe, ndiponso m'madera ena a Machinga ndi Nsanje, mumapezeka ana a mano a maŵanga oyera ngati choko kapena ofiirira. Makolo ena amawakalipira kuti satsuka mkamwa. Koma maŵanga otere sachoka ndi mswachi. Kaŵirikaŵiri gwero lake ndi mchere wina wa m'madzi wotchedwa fuloraidi.

Mchere umenewu umachokera m'miyala ya pansi pa nthaka, ndipo umasungunukira m'madzi a m'mijigo ndi a mu akasupe otentha. Suoneka, ulibe fungo, ndipo sumveka pa lilime.

Ukakhala wochepa, fuloraidi amalimbitsa mano kuti asabooke msanga. Nchifukwa chake m'chaka cha 1945 mzinda wa Grand Rapids ku America unayamba kuthira mchereu m'madzi a m'mipopi mwadala, ndipo mizinda yambiri inatengerapo chitsanzo. M'chaka cha 2015 a zaumoyo a dzikolo analangiza kuti muyeso ukhale mamiligalamu 0.7 pa lita imodzi. Ngakhale zili choncho, mkangano sunathe: mu 2025 madera a Utah ndi Florida analetsa kuthirako. Kuno kwathu nkhaŵa ndi ina. Mchere wa m'mijigo yathu sathira ndi munthu, ndipo pena umachita kupitirira.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita. Madzi akapyola pamenepo, mano amayamba kuthimbirira. Oyamba kuvutika ndi ana osakwana zaka 8, pakuti pa msinkhu umenewu mano achikulire amakhala akuumbika mkati mwa nkhama. Dzino limatuluka lili ndi chipsera kale, ndipo chipseracho sichichoka chokha. Munthu wamkulu amene wangosamukira kudera lotere mano ake sasintha. Komabe mchereu ukachuluka kwambiri, ndipo munthu nkumwa madziwo zaka zambiri, umaloŵerera m'mafupa. Msana ndi mfundo zimauma ndi kuŵaŵa, mpaka ena amalephera kuŵerama pogwira khasu.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri amalakwitsa. Kuŵiritsa madzi kumapha tizilombo, koma sikuchotsa fuloraidi. Madzi akaphwera pamoto mcherewo umatsalira mumphika. Mankhwala a kolorini nawonso sauchotsa. Musaleke kuŵiritsa kapena kuthira kolorini, pakuti ntchito yake ndi yoteteza ku kolera ndi kutsekula m'mimba. Musathaŵenso mjigo nkubwerera kumtsinje: kolera imapha m'masiku ochepa.

Ngati ana ambiri a m'mudzi mwanu ali ndi maŵanga ameneŵa, uzani mlangizi wa zaumoyo kapena komiti ya mjigo kuti apemphe a zamadzi a ku boma kudzayeza madziwo. Mijigo iŵiri yoyandikana ingathe kusiyana kwambiri, choncho wina ungasankhidwe kukhala wa madzi akumwa ndi ophikira, winawo wochapira ndi kusamba. Madzi a mvula osungidwa mwaukhondo ali ndi fuloraidi wochepa. Mkaka wa m'maŵere ulinso chimodzimodzi, kotero amayi apitirize kuyamwitsa mopanda mantha. Mwana wa zaka 3 mpaka 6 akamatsuka mano, mankhwala a pa mswachi asapose kukula kwa nsawawa, ndipo muonetsetse kuti walavula, osameza.